Khadi la okalamba la ku Australia: linachedwa, koma ku famase limandipepuza

Ndakhala ndi Commonwealth Seniors Health Card kuyambira kumapeto kwa 2022. Ndi khadi la ife amene tinafika msinkhu wa penshoni koma sitilandira penshoni ya boma chifukwa tili ndi kangachepe kathu.

Kale ine ndi mayi a kunyumba tinkapyola malire a ndalama zopeza pachaka amene boma linaika kuti munthu alandire khadili. Boma litalonjeza kukweza malirewo kufika $90,000 kwa munthu mmodzi ndi $144,000 kwa banja, tinaika maso pa 20 September 2022, tsiku limene malire atsopanowo amayenera kuyamba. Tsikulo linadutsa Nyumba ya Malamulo ku Canberra itaimitsa zokambirana chifukwa cha imfa ya Mfumukazi Elizabeth II, kenako aphungu n'kuyamba kukokanakokana: a ku Senate, nyumba yachiwiri ya malamulo, anamatirapo pabilu nkhani ina, ya ndalama zimene wa penshoni angapeze akagwira ganyu, boma n'kukana. Lamulo linayamba kugwira ntchito pa 4 November. Masabata amenewo ndinkangolipirabe $42.50 pa mankhwala anga ena a shuga. Ndili ndi khadi, bokosi lomwelo ndinalitenga ndi $6.80. Mtsikana wa pakauntala anandibwezera chenji, ine n'kuwerenga kawiri, kuganiza kuti walakwitsa.

Chimene ndimalikondera n'chakuti sayang'ana nyumba kapena katundu wako, amangoona zimene umapeza.

Koma musaliyese mankhwala a zonse. Dokotala ali ndi ufulu wokulipiritsa kapena ayi. Wanga amandilipiritsabe ndithu, akumwetulira. Dzino litandivuta chaka chatha, khadilo linangokhala phee m'chikwama, ndalama zonse zinatuluka m'thumba mwanga.