Bokosi la zitsanzo za mitosis: lolimba, koma ulusi wake ukusocheretsa

Aphunzitsi a Biology muno mu Zomba, bokosi la zitsanzo zapulasitiki zosonyeza mmene selo ya munthu imagawikira ndi loyenera kugula, koma musalidalire palokha.

Muli zidutswa zisanu ndi chimodzi, kuyambira interphase (selo isanayambe kugawika) mpaka cytokinesis (ikamagawika kukhala maselo awiri). Pulasitiki yake ndi yochindikala, ndipo ma chromosome awapaka mitundu iwiri yowala moti wokhala kumbuyo kwa kalasi amaona bwinobwino. Aikamo anayi okha m'malo mwa 46. Zimenezo n'zomveka, bola ophunzira muwauze.

Vuto lili pa ulusi wa spindle, womwe umakoka ma chromosome selo ikamagawika. Aupanga ngati mawaya ouma otuluka mu centriole mwenimweni (kachiwalo ka kumapeto kwa spindle), pomwe si mmene zilili. Ulusi weniweni umapangidwa ndi ma microtubule. Microtubule ndi kapaipi ka ma nanomita 25 m'mimba mwake, komangidwa ndi mapuloteni a alpha ndi beta tubulin m'mizere 13, ndipo kamatalika n'kumaphwasuka mosalekeza. Maziko ake ndi mkombero wa mapuloteni wotchedwa gamma-tubulin ring complex, womwe umakhala m'mapuloteni ozungulira ma centriole. Ulusi wina wambiri umaphukira pa unzake ngati nthambi: augmin, gulu la mapuloteni 8, imakokera gamma-tubulin pamenepo, ndipo puloteni ina yotchedwa ch-TOG imafulumizitsa kuwonjezera tubulin kunsonga. Zonsezi mulibe.

Chodandaulitsa kwambiri n'chakuti kinetochore, pamene ulusi umagwirira chromosome, sanaionetse, chikhalirecho ulusi ukagwira molakwika pamenepo, selo ina imalandira chromosome yowonjezera, inzake n'kuperewedwa. Matani timikanda tiwiri toimira kinetochore pa centromere iliyonse (polumikizana mbali ziwiri za chromosome), kamodzi mbali iyi, kena mbali inayo.

Mawayawo amachita dzimbiri msanga ndi chinyezi cha dzinja la kuno, choncho bokosilo lizikhala m'kabati youma.