Anyamata ozimitsa moto a ku Luwinga ntchito amaidziwa, koma za makiyi awonjezere

Amene mwakhala mukundifunsa za kakampani ka ku Luwinga kaja kamene kamapanga sevisi zozimitsira moto komanso kuphunzitsa anthu, yankho langa ndi loti atengeni, ndalama yanu siipita pachabe. Koma ngati malo anu ndi oti anthu amagona chitseko chitakhomedwa ndi loko chakunja, kaya ndi ndende, chitokosi kapena hositelo ya ana asukulu, muwauziretu kuti nkhani ya makiyi ndi kutulutsa anthu aipatse nthawi yokwanira chifukwa apo pokha sanandifike pamtima. Ine ndinagwira ntchito ya ndende zaka zambiri ndisanapume, pano ndimayang'anira alonda pa hositelo ina konkuno ku Mzuzu, ndiye nkhani ya moto ndimaiona ngati munthu amene anagwirapo makiyi usiku anthu ambirimbiri ali mkati.

Sevisi yawo ndi yeniyeni, osati zija zongobwera kudzapukuta fumbi nkumata sitika yatsopano basi. Silinda iliyonse yozimitsira moto anaitsitsa pakhoma, kuona ngati muvi wa geji uli pobiriwira, kuona pini, kusuzumira mu paipi ngati mwalowa dothi, kenako kuitembenuza nkumvetsera ngati paudala akuyenda mkatimo, chifukwa akakhalitsa amaumbana ndiye tsiku la ngozi umangofinya osatuluka kanthu. Za mpweya wa CO2 zija zilibe geji ndiye anaziika pa sikelo. Imodzi anaikana kuti yatha ntchito, kunsi kwake kunali dzimbiri lokhalokha, ndipo nchinyezi chathu cha ku Mzuzu chino mvula yosakata sindinadabwe. Zimene anatenga kukadzaza anatisiyira zawo zobwereka kuti nyumba isagone yopanda kanthu, chimenechi ndinachikonda kwambiri.

Maphunziro nawo anali ogwira ndi manja. Anadula mgolo pakati, kuthiramo dizilo nkuyatsa kuseri kwa khitchini, aliyense anazimitsako, alonda, amayi ophika, a metironi, ngakhale aja amati ine ndingoonerera mphunzitsi anawakoka bwinobwino. Chotsa pini, loza patsinde pa moto osati pa malawi, finya, yendetsa uku ndi uku, mphepo ikhale kumsana kwako ndipo khomo lothawira likhalenso kumbuyo kwako. Anthu anadabwa kuona kuti silinda ya makilogalamu 9 yolemera ija siitha ngakhale theka la mphindi, ndiye ukangopopera m'mwamba chifukwa cha mantha watha basi. Anafotokozanso mitundu yake mosavuta, chizindikiro chabuluu ndi paudala, chakuda ndi CO2 ya zamagetsi ndipo kukamwa kwake kumazizira moti kungakuvulaze dzanja, chofiira ndi madzi omwe suyenera kuyerekeza kuthira pa magetsi kapena pa mafuta ophikira akayaka. Mphunzitsiyo amasakaniza Chichewa ndi Chitumbuka ndiye palibe anatsalira.

Vuto linabwera titafika pa zothawa. Iwo anangoti alamu ikalira tulukani mwadongosolo osathamanga, mukakumane pamalo amene mwagwirizana. Ndi zoona ku ofesi kapena ku shopu, koma abale, munthu ali mu selo atuluka bwanji mwadongosolo chitseko chili ndi loko kunja? Moyo wake wonse uli m'thumba la msilikali amene ali ndi kiyi, ndipo msilikaliyo anamuphunzitsa kuyambira tsiku loyamba kuti mkaidi akathawa ndi mlandu wake. Ndiye akamva kukuwa ndi kumenya zitseko usiku, maganizo oyamba amakhala oti mwina ndi ndewu kapena chiwembu chofuna kuthawa, amayamba wafuna chilolezo kwa bwana, bwana naye akuimbira wina, uku utsi ukudzaza.

Izi si zongoganiza ayi. Ku Honduras, ndende ya Comayagua inapsa mu February 2012 ndipo anthu oposa 350 anafa, ambiri atatsekeredwa m'maselo chifukwa makiyi sanapezeke msanga. Ku Indonesia ndende ya Tangerang mu September 2021 anafa anthu 49, moto unayamba ndi vuto la magetsi mu buloko imene inali yodzaza mopyola muyeso. Pafupi nafe pompa ku Burundi, ndende ya Gitega inapsa mu December chaka chomwecho, boma linalengeza kuti anafa 38, ndipo ndende imeneyo inamangidwira anthu 400 koma munali oposa 1,500. Moto wonsewu unabuka usiku, nthawi imene zitseko zili zokhoma komanso ogwira ntchito ndi ochepa. Ndiye munthu ukamaphunzitsa za moto masana dzuwa likuswa mtengo, zitseko zonse zili pululu, dziwa kuti ukuphunzitsa theka chabe.

Ndipo kuno kwathu za kuthithikana m'ndende palibe amene sakuzidziwa, khoti linanenapo kale mu 2009 pa mlandu wa Gable Masangano kuti kudzaza kotereku ndi kuzunza anthu. Amene munalowako mukudziwa chimene chimatchedwa shamba, anthu kukhala pansi mondondozana wina pakati pa miyendo ya mnzake mpaka kucha, m'makoma muli zikwama ndi zovala zopachika, pansi mabulangete ndi timatiresi ta siponji. Siponji ikayaka utsi wake ndi wakuda komanso wapoizoni, munthu amakomoka moto usanamukhudze nkomwe, ndipo m'chipinda cha mawindo ang'onoang'ono a m'mwamba utsiwo ulibe kolowera. Apa mpomwe ndinafunsa kuti kodi paudala uja mungamupopere mu selo muli anthu? Mphunzitsi anavomera kuti ayi, amatsamwitsa komanso sungaonenso khomo, CO2 nayo m'kachipinda kotseka imamaliza mpweya. Yankho labwino, koma zimayenera kuchokera kwa iwo osadikira kufunsidwa, chifukwa tanthauzo lake ndi loti kumalo otsekera anthu umayamba watsegula nkutulutsa anthu, kuzimitsa kumabwera pambuyo.

Zimene ndikanakonda aziphunzitsa ndi izi. Makiyi apadera azikhala pamalo amodzi odziwika kwa aliyense wa shifiti ya usiku, m'kabokosi komata koti ukathyola zimadziwika, ndipo kiyi aliyense akhale ndi chizindikiro choti ungamuzindikire pongokhudza chifukwa moto ukabuka magetsi amazima ndipo mu utsi tochi siithandiza kwenikweni. Chodulira maloko chikhale pafupi, maloko azithiridwa oyilo. Pakhale bwalo lotchingidwa bwino lomwe akaidi angatulutsidwireko nkuwerengedwa, kuti wotsegulayo asamachite mantha kuti athawa, komanso lamulo lolembedwa loti moto ukatsimikizika msilikali ali pa duti atsegule osadikira foni ya munthu ali kunyumba. A nyapala, akaidi oyang'anira anzawo m'maselo, nawo aphunzitsidwe, akhale ndi kaitanidwe kapadera ka moto kosiyana ndi phokoso la ndewu, adziwe kuuza anzawo kuti aweramire pansi pomwe mpweya uli wabwinoko, komanso adziwe odwala ndi okalamba agona pati. Kugeti nako, galimoto ya ozimitsa moto a khonsolo ikafika ilowa bwanji, ikwana pageti, madzi akatunga kuti? Zimenezi umafunsa lero osati moto uli lawilawi. Ndipo kuyeserera kuzichitikako usiku, ndi anthu ochepa omwe amakhalapo usikuwo.

Pa kapewedwe anayankhula bwino ndithu, makamaka za mawaya olumikiza mwachisawawa ndi masoketi odzaza. Ine ndinangowonjezera zomwe ndinaziona ku ntchito yakale, timawaya tosakutira towiritsira madzi, fodya wobisa, kandulo magetsi akazima. Kuno June ndi July kuzizira kwake mukukudziwa, aliyense amafuna kambaula pafupi, alonda anga omwe ndimalimbana nawo chaka ndi chaka. Ndipo ife a ku Mzuzu sitifunika kuuzidwa zambiri, laibulale ya Mzuni inapsa mu December 2015 mabuku nkusanduka phulusa tonse tikuona.

Chomwe ndiwayamikire nchoti sanakwiye nditawapanikiza ndi mafunso pagulu. Mkulu wawo anati tiyeni bambo tizungulire limodzi, ndipo tinayendadi chipinda ndi chipinda, iye ndi amene anaona kuti mawindo onse a hositelo ali ndi zitsulo zowotcherera popanda ngakhale limodzi lotseguka, komanso khomo lakumbuyo linali litatchingidwa ndi mabedi akale. Analemba zonse mu lipoti lomwe anapereka kwa eni malo ndipo mabedi aja anachotsedwa sabata yomweyo, za mawindowo, amisiri owotcherera abwera. Munthu wongofuna ndalama sakanadzivutitsa choncho.

Zodandaula zina ndi zazing'ono, anafika mochedwa tsiku loyamba osaimba foni, ndipo timapepala tomwe anagawa tinali ta Chingerezi chokha pomwe alonda ambiri akanakonda Chichewa kapena Chitumbuka kuti azikawerenga kunyumba. Mtengo wa sevisi ndi maphunziro ndi wofikirika, koma silinda zatsopano ndi zodula ndipo kotesheni yawo siikhalitsa, akuti zinthu amaitanitsa kunja ndiye mitengo imasinthasintha. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba, lisiti amapereka.

Anzanga amene mukadali mu yunifolomu, a metironi ndi eni mahositelo a ku Katoto, Chibavi, Zolozolo ndi kwina konse, mukamawaitana muwauze kuti mu kotesheni alembemo kuyendera nyumba yonse komanso kuyeserera kamodzi usiku zitseko zitakhomedwa monga mwa masiku onse, wina agwire wotchi muone kuti kuchokera pa kukuwa koyamba kufika potsegula chitseko chomaliza papita mphindi zingati. Sitika ya pa silinda muziyang'ananso tsiku lake, sevisi ndi ya chaka chilichonse.