Mbaula, gasi kapena sitovu ya magetsi: mphika uti upite pati?

Pabwalo pathu ku Mtendere, mumzinda wa Lusaka, tilipo mabanja anayi, mita ya magetsi ndi imodzi. Mtsikana wina amene wangokwatiwa kumene, wokhala m'chipinda cha kumapeto, anandipeza pampopi mwezi watha n'kundifunsa kuti, "Amama, ndigule gasi kapena ndizingolimbana ndi mbaula?" Ndinamuyankha mwachidule chifukwa ndowa inali itadzaza. Yankho lenileni ndi lalitali, ndipo mwina lithandiza ena amene ali ndi funso lomweli.

Ndiyambe ndi mbaula, poti ndi imene inatilera. Kwathu ku Katete timati makala. Kuno ukanena makala pamsika amakumva ndithu, koma wogulitsa amabwereza yekha kuti "malasha", ngati akukukonza. Ana anga obadwira kuno sadziwa n'komwe kuti mawu amenewa ndi a Chibemba.

Ubwino wa mbaula ndi moto wake wosathamanga. Nyemba, ziboda za ng'ombe, nkhuku ya chikuda, nsomba zouma zofunika kuwira mpaka minga itafewa, zonsezi zimafuna maola, ndipo makala amapirira. Ukaphula ndiwo umatereka madzi osamba, akatentha umakwirira mbatata m'phulusa. Palibe moto wotayika. Nsima ya anthu asanu ndi awiri imathyakulikanso bwino pambaula, chifukwa ili pansi, umaponda chogwirira chake n'kupanira mphika osaopa kuti ugwa.

Koma makala amadya ndalama mobisa. Timapepala ta makala togula tsiku ndi tsiku timaoneka totsika mtengo, koma mukawerengera mwezi wonse mupeza kuti mwalipira kuposa amene anagula thumba. Thumbalo nalonso lili ndi misampha yake: pamwamba amaika zikuluzikulu zokongola, pansi fumbi lokhalokha. Ine ndisanalipire ndimapisa dzanja m'mbali, kenako ndimatenga makala awiri n'kuwagundanitsa. Akalira ngati chitsulo ndiye a mtengo wolimba, akhalitsa. Opepuka ngati chikonyo amangothetheka n'kutha nyemba zisanasinthe mtundu. Nyengo ya mvula mtengo umakwera ndipo ambiri amafika onyowa, choncho amene ali ndi pouma posungira agule mu Okutobala. Ngati mukugula mbaula yatsopano, onjezerani pang'ono mugule yomata dongo mkati. Imasunga kutentha, ya malata okhaokha imaotcha mphepo.

Pali chimodzi chimene sindinganene mwanthabwala. Mu Juni ndi Julayi, Lusaka akazizira, musalowetse mbaula m'chipinda chogona n'kutseka mawindo. Makala amatulutsa mpweya wakupha umene sununkha ndipo suoneka. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Othani panja, zimitsani, kalowe m'nyumba ndi bulangete.

Ndipo amene amayenda msewu wa Great East kupita kumudzi aona okha mmene mapiri a cha ku Chongwe ndi Rufunsa akuyerera. Matumba aja oimikidwa m'mbali mwa msewu tonse timawadziwa kumene amathera: pa makomo athu omwewa.

Gasi ndinagula mu 2024, chaka chimene ambiri tinagula mokakamizika. Mvula inakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kumapeto kwa Febuluwale kuti chilalacho ndi tsoka la dziko lonse, madzi a m'damu la Kariba anatsika kwambiri, ndipo poti magetsi athu ambiri amachokera kumadzi, zinafika poti malaiti ankatha kuzima maola 21 pa tsiku. Makala nawo anakwera chifukwa aliyense ankawafuna.

Ndinkaopa gasi, ndisaname. Sabata yoyamba ndinkayatsa nditatambasula mkono ngati ndikupatsa galu wolusa chakudya. Chimene chinandigonjetsa ndi m'mawa. Kale ndinkadzuka kusanache kukakupiza mbaula kuti ana amwe tiyi asanapite kusukulu. Pano ndimapotokola kamodzi, madzi awira ndisanamalize kupesa mwana. Mazira, repu, kapenta, kutenthetsa ndiwo za dzulo, zonse zofuna mphindi zochepa, gasi alibe mnzake. Mapoto sada, maso salira.

Vuto loyamba ndi polowera. Silinda, regyuleta (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi potuluka), paipi ndi sitovu yake zimafunika ndalama nthawi imodzi, pamene mbaula umagula ndi chenji. Lachiwiri ndi lakuti gasi satsanzika. Tsiku lina alamu anga atabwera kuchokera ku Chipata, phala la nsima litangoyamba kuthaphwika, moto unangoti zii. Ndinathamanga ndi mphika kukapempha moto kwa aneba, nsima inatuluka ya mitanda, alamu anadya mwaulemu osanena kanthu. Kuyambira pamenepo ndinaphunzira kuti pasilinda pamalembedwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Muziyeza pasikelo mukangodzazitsa, muchotsere nambala imeneyo, mudziwe ngati akupatsani makilogalamu amene mwalipira. Pakati pa mwezi yezaninso. Ine ndimabwereka sikelo ya amayi ogulitsa nyama pakona.

Za mantha oti gasi angaphulike: fungo limene mumamva gasi akamatuluka analiikamo dala kuti likuchenjezeni. Mukalimva, musayatse machesi, musakhudze swichi ya magetsi, tsekani pasilinda, tsegulani chitseko. Chitseko makamaka, chifukwa gasi ndi wolemera kuposa mpweya, amakhala pansi, satulukira pawindo la m'mwamba msanga. Pofuna kudziwa pamene pakudontha, pakani thovu la sopo polumikizira paipi, pakatuluka tinthubwinthubwi ndi pomwepo. Silinda izikhala choimirira, paipi ikayamba ming'alu sinthani, musamange ndi lamba wa chubu.

Timasitovu tija tating'ono toika poto pamwamba penipeni pa silinda n'tabwino kwa munthu wokhala yekha. Koma nsima ya banja pamenepo imafuna anthu awiri, wina kuthyakula wina kugwira. Ndipo nyemba pagasi ayi. Kumeneko ndi kuotcha ndalama masana dzuwa likuswa mtengo.

Sitovu ya magetsi sindichedwapo. Malaiti akakhalapo imaphika bwino, ndipo mayunitsi umagula pafoni uli chigonere. Koma pamita yogawana, mbale ziwiri za sitovu zija zikangofiira, aneba amayamba kuyang'ana nambala ikutsika n'kumatsokomola pakhomo pako. Alandilodi ambiri amaletseratu. Ngati muli ndi mita yanuyanu, kumbukirani kuti mbale imakhalabe yotentha mukazimitsa, ndiye zimitsani chakudya chisanapse kwenikweni, chimalizike ndi kutentha kotsalako. Ena amafunsa ngati kasola kawo kangayendetse sitovu. Sikangathe. Sola yaing'ono ndi ya mababu, foni ndi TV, chilichonse chotenthetsa chimafuna mphamvu zambiri.

Chimene ndingatamande pa za magetsi ndi mphika uja wotseka ndi nthunzi, pressure cooker yamagetsi. Ndinaupeza m'masitolo a ku Kamwala ndipo poyamba ndinkauyesa choseweretsa cha anthu olemera a ku Kabulonga. Umakoka magetsi pamene ukutentha, nthunzi ikadzaza umangoyatsa mwa apo ndi apo, ndiye mita siithamanga. Nyemba zoviika usiku zimapsa ola lisanakwane, pamene pambaula zikanadya makala a m'mawa wonse. Masiku aja malaiti ankabwera pakati pa usiku, ndinkasiya nyemba zili kale mumphika, pulagi ili pakhoma. Ana a pabwalo akangokuwa kuti "Malaiti!" kapena firiji ikangoyamba kung'ung'udza, ndinkadzuka, kudina batani, kuwiritsa madzi a mufulasiki, kutchaja mafoni, n'kubwerera kukagona. Nsima yokha ndi imene sindiphikira mumphikawu.

Kunena za ine, atandilanda zonse n'kundiuza kuti ndisankhe chimodzi, ndingagwire mbaula, chifukwa siyembekezera damu kapena galimoto ya gasi. Koma pa ndalama zoyamba zimene banja lingasunge, ndingagule gasi ndisanagule TV, ndipo pambuyo pake mphika wa nthunzi uja. Thumba la makala limene kale linkatha msanga pano limandifikitsa patali, poti ntchito yake yatsala nsima ya Lamlungu, ziboda ndi chimanga chootcha.

Mtsikana uja anagula gasi, silinda yaing'ono, ndipo mbaula yake anapatsa mng'ono wake wa ku Kalingalinga ngakhale ndinamuuza kuti aisunge. Dzulo madzulo ndinamva kugogoda. Anaima pakhomo ndi beseni la nyemba zoviika, akuseka mwamanyazi. "Amama, mbaula yanu ili ndi ntchito mawa?"