Multimeter yotchipa itadutsa chilimwe ndi dzinja ku Angónia

Multimeter (kachipangizo koyezera magetsi) yaing'ono yoonetsa manambala imene ndinagula pa msika wa ku Ulongué m'nyengo yozizira yaona tsopano fumbi la Okutobala ndi chinyezi cha dzinja, choncho ndingathe kuilankhulira molimba mtima. Ndaigwiritsa ntchito kwambiri pa magetsi a sola m'nyumba za achibale ku Domué. Kwa ine phindu lake lalikulu lili pa kuyeza ma volt (V) ndi ma amp (A) chipangizo choyezedwacho chili choyaka, kenako munthu n'kuwerengera yekha zotsalazo. Masamu ake ndi a lamulo limene Georg Simon Ohm anafalitsa mu 1827: ma volt ukawagawa ndi ma amp umapeza resistance, kutanthauza mmene chinthu chimatsekerezera magetsi kudutsa, m'ma ohm. Ukawachulukitsa ndi ma amp omwewo umapeza mphamvu m'ma watt.

Kwa amalume anga TV ya 12 V inkazima yokha madzulo, ndipo aliyense ankati batire yatha ntchito, igulidwe ina. Nditayeza TV ili yoyaka, pa batire panali 12.4 V, kumbuyo kwa TV kunkafika 11.2 V, pamene magetsi odutsa anali 3 A. Ndiye kuti 1.2 V inkathera m'njira. Kugawa 1.2 ndi 3 kunandipatsa ma ohm 0.4, ndipo kuchulukitsa 1.2 ndi 3 kunasonyeza kuti ma watt 3.6 pa ma watt 37.2 otuluka m'batire ankangotenthetsa waya. Batire ikatsika pang'ono usiku, TV sinkalandiranso zokwanira. Kuchokera pa batire kufika pa TV panali mamita 10, ndiye kuti waya wopita ndi wobwerera anali mamita 20, ndipo waya wa kopa weniweni wa 2.5 mm², monga zinalembedwera pa chikopa chake, sakanapitirira ma ohm 0.14. Nditausenda n'kuupala ndi mpeni, kufiira kunachoka, pansi pake panatuluka aluminiyamu woyera, komanso tinthambo take tinali tochepa. Titaika waya wa kopa wa 4 mm², kutsika kwa magetsi sikunafike 0.3 V, ndipo batire yomwe ija ikugwirabe ntchito. Ndalama imene amalume anapulumutsa tsiku limenelo inaposa kutali mtengo wa kachipangizoka.

Resistance ya wayayo sindikanaipeza ndikanadalira mbali yoyezera ma ohm, chifukwa ndikangogunditsa nsonga ziwiri za zingwe zake imaonetsa kale 0.5, nambala yoposa imene ndinkafuna. Imasocheretsanso pa mababu akale aja a kawaya koyaka. Babu la 60 W lili lozizira limaonetsa ma ohm pafupifupi 65, ndipo wokhulupirira nambala imeneyi angawerengere kuti limadya ma watt oposa 700. Zoona zake n'zakuti kawaya kakatentha resistance imakwera kwambiri: pa 220 V babuli limakoka 0.27 A, zimene zimapereka ma ohm oposa 800. Koma pa simbi yamagetsi mbali imeneyi ndi yodalirika, poti waya wake wotenthetsa sasintha kwenikweni akatentha. Simbi yathu itazulidwa ku khoma inaonetsa ma ohm 48, kutanthauza 4.6 A ndi ma watt pafupifupi 1,000, omwe pa ola lathunthu osaduka amatha 1 kWh, yuniti imodzi ya magetsi, pa mita yolipiriratu ya Credelec.

Kukalamba kwa multimeter-yi kwaonekera poyamba pa zingwe. Chofiira chinaduka m'kati, pafupi ndi chogwirira, moti manambala ankadumphadumpha mpaka nditagula zingwe zina zolimba. Fumbi linalowa pa kabatani kopotokola, ndipo tsopano kamafuna kukapotokola kangapo kasanakhazikike. Chimene ndikufuna ogula achidziwe bwino n'chakuti batire yake ya 9 V ikayamba kufooka, manambala amakwera m'malo motsika, kotero kuti batire ya sola yofooka imaoneka ngati yodzaza. Kachizindikiro ka batire kakangotuluka pa galasi, isinthidwe nthawi yomweyo.

Bowo la 10 A, lolowetsamo chingwe poyeza ma amp, lilibe fyuzi, ndipo limapirira magetsi ochuluka kwa masekondi ochepa okha. Munthu akasiya chingwe m'bowo limeneli n'kugunda mitu iwiri ya batire, wachititsa shoti yokhoza kusungunula zingwe ndi kumuotcha m'manja. N'chifukwa chake sindibwereketsa kachipangizoka kwa amene sanakaphunzire. Komanso sikayeza ma amp pa magetsi a 220 V. Wofuna kuona firiji kapena pampu ya madzi agule mita yopana waya, ndipo adziwe kuti pa chipangizo cha mota kuchulukitsa ma volt ndi ma amp kumapereka nambala yokulirapo kuposa ma watt enieni amene akulipira.