P2RX3 ndi P2RX7: pachibale, koma ntchito n'zosiyana

Majini (malangizo achibadwa a m'maselo) awiriwa amapanga timakomo ta pakhungu la selo, tomwe timatseguka ATP, yomwe imanyamula mphamvu m'selo, ikatayikira kunja kwa selo. Koma ntchito zawo n'zosiyana.

Jini la P2RX3 lili pa kromozomu (kachingwe kosunga majini m'selo) nambala 11, ndipo khomo lake limapezeka m'mitsempha yomva ululu ndi kuyabwa kwa pakhosi. ATP pang'ono chabe, latseguka kale. Mankhwala a gefapixant, omwe dziko la Japan lidavomereza mu 2022, amatseka khomoli pochepetsa chifuwa chosatha, ngakhale ambiri owamwa amadandaula kuti chakudya sichikoma m'kamwa.

La P2RX7, pa kromozomu 12, ndi louma mutu. Khomo lake lili m'maselo oteteza thupi, limadikira ATP yochuluka, ndipo likatseguka selo imatulutsa puloteni ya IL-1β yoyambitsa kutupa. Mankhwala olitseka adawayesa pa nyamakazi, koma sanaphule kanthu.