Mpanda wa dzimbiri: penti wa 3-in-1, rust converter, kapena kupala n'kupaka red oxide?

Anzanga atatu andifunsa funso limodzimodzi mwezi uno wokha, akuti mpanda wachitsulo ukachita dzimbiri tigule chani, nde ndatopa kubwereza ndangoti ndilembe kamodzi aliyense adziwerengere yekha. Ine sindine wopenta wa ntchito ayi, ndangokhala munthu amene ndapenta mpanda umodzi womwewo kawiri m'zaka ziwiri chifukwa cha ulesi komanso kukhulupirira zolemba zikuluzikulu za pachitini.

Tiyambe ndi amene anandiliza, penti uja amalemba kuti direct to rust, ena amati 3-in-1, kutanthauza kuti m'chitini chimodzi muli zonse, choletsa dzimbiri, pulayima (penti woyamba wapansi) ndi penti wapamwamba. Wogulitsa anandiuza kuti bwana apa palibe zopala, mungopukuta fumbi n'kupaka basi. Ine kumva zoti palibe zopala ndinasangalala ngati ndatola ndalama panjira, chifukwa mpanda wanga ndi wautali ndipo uli ndi timaluwa tachitsulo topindapinda tija toti ukangotiyang'ana msana wayamba kale kuwawa. Kunena chilungamo, kumbuyo kwa chitini analembadi ndi timalemba toti uvale magalasi kuti chotsani dzimbiri losendeka, tsukani mafuta, pakani kawiri mochindikala. Sindinawerenge. Paja safunsa anadya phula.

Ndalama zobisika zinayamba kutuluka tsiku loyamba lomwelo. Nditamaliza ndati nditsuke bulashi ndi thinala wamba amene ndinali naye, bulashi yangouma gwa ngati ndodo, kubwerera kukafunsa akuti aaa ameneyutu amafuna thinala wake wapadera, kabotolo kakang'ono koma mtengo wake ungati ndi mafuta onunkhira. Chachiwiri, pentiyu amagwira ntchito pokhapokha ukamupaka mochindikala, poti ntchito yake yonse ndi kutsekera chitsulo kuti madzi ndi mpweya zisachifike, nde chitini chimene ndimati chikwana mbali yonse yakutsogolo chinathera pakati. Ndinagula zitini zina ziwiri. Chachitatu, ali ndi nthawi yake yopakira kachiwiri, maola ochepa okha, ukaiphonya uyenera kudikira mpaka aume kotheratu, ine ndinapaka mawa lake madzulo ndipo malo ena anachita makwinya ngati nkhope ya agogo.

Koma chimene chinandiwawa zenizeni chinabwera mvula itatha. Mpanda wonse kumunsi matuza okhaokha, ukaboola ndi chikhadabo mukutuluka madzi ofiira ndi zigamba za dzimbiri. Apa m'pamene ndinamvetsa chinthu chimene wowotcherera wina anandiuzapo kalekale ine n'kumangoti akufuna ganyu. Dzimbiri si dothi loti lakhala pamwamba pa chitsulo, ndi chitsulo chomwecho chimene chasanduka chitakumana ndi madzi ndi mpweya, ndipo chikasanduka chimafufuma, chimatenga malo ambiri kuposa poyamba. Dzimbiri lokhuthala lija lili ngati siponji, limasunga chinyezi mkati, kukakhala kufupi ndi nyanja ya mchere limasunganso mcherewo, nde iwe ukalifunditsa penti wangolipatsa bulangete, pansi likupitiriza kudya, likufufuma, likukankha penti wako mpaka aphulike. Ndiye kuchotsa penti wochindikala uja kunali kolemera kuposa dzimbiri lenilenilo, amamata sandipepa, pa girayinda amasungunuka n'kumanuka ngati chingamu. Loweruka zitatu zinapita pa ntchito imene ndimaithawa, kuwonjezapo ina imene ndinadzipangira ndekha.

Alipo amene amamutamanda pentiyu ndipo sakunama, pa dzimbiri lopepuka lapamwamba, pa geti loti lapalidwa bwino, amakhalitsa ndipo amaoneka bwino kwambiri. Koma ngati ndiyenerabe kupala nde ndikulipirira chani, eti?

Rust converter ndinaigula ndili wokwiya kale, koma iyi yokha sinandikhumudwitse. Ndi madzi okhala ndi tannic acid kapena phosphoric acid, ukapaka pa dzimbiri umaona ndi maso ako mtundu ukusintha kuchoka kufiira kupita kukuda, dzimbiri lasanduka chinthu china cholimba chimene sichidyanso chitsulo. M'timaluwa tija, m'makona, pa zowotcherera pamene bulashi ya waya siilowa, palibe choiposa. Ingodziwani kuti nayo siipha zigamba zokhuthala, imangonyowetsa pamwamba mkati muli mofiira momwemo, choncho zosendeka zichoke kaye. Pa chitsulo choyera mbee kapena pa penti wakale ilibe chochita chifukwa imafuna dzimbiri loti igwirane nalo. Isiyeni iume maola 24, ina amati 48, kenako mupake penti pamwamba, kukuda kwake kusakupusitseni kuti ntchito yatha, mukaisiya yokha pamvula dzimbiri libweranso. Ina imafuna kutsuka ndi madzi ikauma ina ayi, apa werengani chitini, musakhale ngati ine. Ndipo thirani pang'ono m'kachitini kena, musamaviike bulashi ya dzimbiri m'botolo lalikulu, yonse iwonongeka.

Njira yakale ija yopala, kupaka pulayima wofiira wotchedwa red oxide kenako penti wa mafuta kawiri, imeneyo nde ndabwererako ndipo sindichokanso. Bulashi ya waya ya pa girayinda m'malo otambalala, ya pamanja m'malo opanikizika, sandipepa wokhakhala ngati wa 80 poyamba kenako 120 kusalaza m'mphepete mwa penti wakale amene wagwirabe, kupukuta ndi kansalu ka thinala kuti mafuta ndi fumbi zichoke, n'kupaka pulayima tsiku lomwelo. Mawu oti tsiku lomwelo ndikuwanena dala, chitsulo chopalidwa ukachigoneka usiku umodzi pa mame mmawa umachipeza chachita kale chikasu. Nde palani pokhapo pamene mumalize kupaka dzuwa lisanalowe. N'zotopetsa, manja amachita dzanzi, koma thinala ndi wamba, bulashi ndi yomweyo, ndipo penapake pakakalika umangopala kamalo ako n'kudonthezapo penti osayambanso zonse. Ena amati red oxide ndi wachikale, pulayima wa zinki amamuposa, ndipo n'zoona kuti zinki amadyeka iyeyo m'malo mwa chitsulo, koma amafuna chitsulo choyera chopanda dzimbiri ngakhale pang'ono kuti akhudzane nacho, zimene ndi bulashi ya waya pa mpanda wa maluwa simungazikwanitse.

Sandblasting, kupala chitsulo pochiwombera mchenga ndi makina, imayeretsa kuposa zonsezi, palibe mtsutso, koma muyenera kuitana a makina, fumbi limafika mpaka kwa aneba ndipo mapaipi opyapyala amene adyeka kale amatha kubooka. Zochotsa dzimbiri ndi viniga nde zisiyeni, asidi wake ndi wofooka, pafupifupi 5 peresenti, amathandiza pa mabauti oti uwaviike usiku wonse, mpanda muuviika mu chani?

Zinthu ziwiri musanayatse girayinda. Ngati mpanda ndi wakale kwambiri penti wapansi angakhale ndi mtovu, makamaka pulayima wakale wooneka ngati olenji uja, ku America anauletsa mu penti wa m'nyumba mu 1978 koma maiko ambiri anachedwa, ndipo pa zitsulo unagwiritsidwabe ntchito nthawi yaitali. Fumbi lake ndi poizoni, limawononga ubongo wa ana, nde pamenepo palani monyowetsa, yalani pepala la pulasitiki pansi, valani masiki yeniyeni, ana akasewere kutali. Magalasi a m'maso ndi a aliyense, timawaya ta bulashi ija timathothoka n'kuuluka ngati singano, kamodzi kanandibaya patsaya. Chachiwiri, ngati mpanda wanu ndi wa galavanaizi, wotuwa ngati malata uja amene anauviika mu zinki wosungunuka pa madigiri pafupifupi 450, musaupale mpaka kuchotsa zinkiyo, ndipo musapake penti wa mafuta mwachindunji, mafutawo akakumana ndi zinki amapanga ngati sopo pansi pake penti n'kumasendeka ngati khungu la njoka. Pamafunika pulayima wa galavanaizi.

Nthawi yopaka nayo inandilanga. Mmamawa chitsulo chimakhala ndi mame ngakhale chikuoneka chouma, masana dzuwa likaswa mtengo chimatentha moti penti amauma pa bulashi, ine ndimayamba mame akauma n'kumatsata mbali ya mthunzi. Kukazizira kutsika madigiri 10 kapena mitambo ikakhala yokayikitsa ndimatseka chitini.

Pomwe mpanda umafera ndi pansi, pamene paipi yalowa mu simenti kapena pamene dothi ndi udzu zaukwirira, komanso mkati mwa mapaipi opanda zotsekera pamwamba, madzi amalowa n'kukhala momwemo, kunja penti ali phuliphuli mkati mwatha. Gogodani ndi hamala, pakamveka ngati chitini chopanda kanthu kapena sikuludiraiva ikalowa, palibe penti wa mtundu uliwonse amene angathandize, itanani wowotcherera adule aikepo chatsopano. Ine ndinatseka mapaipi onse pamwamba, ndinafukula dothi lonse m'munsi, ndipo simenti ya patsinde ndinaiumba motsetsereka kuti madzi azithawa.

Nde amene mumandifunsa, yankho langa ndi kupala, converter m'makona okha, red oxide, penti kawiri, kenako chaka chilichonse mvula isanayambe muuzungulire mpandawo ndi kabulashi ndi sandipepa m'thumba. Wanga wadutsa nyengo ziwiri za mvula, ndapeza timadontho tinayi tokha pa mahinjesi a geti. Chitini cha 3-in-1 chotsala theka chija chidakali m'stoo, wochifuna abwere atenge, koma thinala wake akagule yekha.