SlaveVoyages: imaonetsa eni zombo, koma ndalama zawo ayi

Webusaiti ya SlaveVoyages ndi yaulere. Muli maulendo oposa 36,000 a zombo zimene zinawolotsa akapolo nyanja ya Atlantic kuyambira 1514 mpaka 1866. Inatuluka koyamba pa CD mu 1999, atailemba David Eltis, David Richardson, Stephen Behrendt ndi Herbert Klein, ndipo mu 2008 yunivesite ya Emory inaiika pa intaneti. Pa chiwerengero cha anthu palibe ina yoiposa: pafupifupi 12.5 miliyoni anakwezedwa m'zombo ku Africa, otsika amoyo kutsidya anali pafupifupi 10.7 miliyoni. Nanga kwa wofuna kudziwa amalonda amene ankaika mpamba, imathandiza mpaka pati?

Kusaka n'kosavuta. Lowani gawo la Trans-Atlantic, mulembe dzina m'danga la mwini chombo, muchepetse zaka ndi doko lonyamukira. Mukalemba William Davenport, wamalonda a akapolo wa ku Liverpool, maulendo oposa 100 amatuluka, aliwonse ndi kaputeni wake, gombe logulira anthu ndi doko lokawagulitsa. Koma ngati ntchito yanu ndi yofufuza mozama, tsitsani fayilo yonse muitsegule mu Excel. Mayina a eni zombo ali m'mizere 16, kuyambira OWNERA mpaka OWNERP, ndipo wosaka mu OWNERA mokha amaphonya ambiri.

Chifukwa chake n'chakuti chombo sichinkakhala cha munthu mmodzi kawirikawiri. Ulendo unkatha chaka kapena kuposerapo, chombo chinkatha kumira, kulandidwa pankhondo, kapena akapolo kuukira. Choncho amalonda ankagawana masheya, wina theka, wina gawo limodzi mwa magawo 16, n'kumwaza ndalama zawo m'zombo zingapo. Mmodzi ndiye ankagula katundu, kulemba kaputeni ntchito ndi kusunga mabuku. Apa ndi pamene webusaitiyi imaperewera. Imangondandalika mayina osanena kukula kwa gawo la aliyense, moti woika pang'ono amaoneka wofanana ndi mwini mpamba waukulu. Mukangowerenga maulendo n'kunena kuti uje ndiye anali wolemera koposa, mwasochera.

Mayina nawonso ndi msampha. Dzina limodzi limalembedwa mosiyanasiyana, bambo ndi mwana amakhala ndi dzina lofanana, ndipo kwina pamangolembedwa kampani, monga Royal African Company ya 1672, popanda eni masheya ake ngati Edward Colston. Mayina a ku Britain amachuluka kuyambira 1786, pamene lamulo linakakamiza kulembetsa zombo ndi eni ake. Zombo za Apwitikizi ndi za ku Brazil, zimene zinanyamula anthu ochuluka koposa, zambiri zilibe dzina la mwini. Izi zimapotoza chithunzi, ndipo wogwiritsa ntchito watsopano sazindikira msanga.

Samalaninso ndi manambala. A m'mizere ya SLAXIMP (anthu okwezedwa) ndi SLAMIMP (anthu otsitsidwa) ndi ongoyerekezera pamene zikalata zinasowa. Ochokera m'zikalata zenizeni ali mu TSLAVESD ndi SLAARRIV. Mukawasakaniza, chiwerengero cha anthu amene wamalonda wina anagulitsa chimaoneka chotsimikizika pamene sichili choncho.

Ndiye pali amene sapezekamo n'komwe: obwereketsa ndalama, ogulitsa nsalu za ku India, mfuti ndi mikanda pa ngongole, ndi a inshuwalansi. Chombo cha Zong muchipeza pamodzi ndi William Gregson ndi anzake a ku Liverpool. Mu 1781 oyendetsa chombocho anaponya m'nyanja anthu a ku Africa oposa 130, eni chombocho n'kukapempha chipukuta misozi kwa a inshuwalansi ngati ataya katundu. A inshuwalansi amene anakana kulipira, mpaka mlandu wa 1783, alibe mzere wawo m'fayilomo.

Wofuna kuona mpamba ndi phindu atenge nambala ya ulendo (VOYAGEID) ndi gwero lolembedwa pa ulendowo, n'kupita ku mabuku a amalondawo. A Davenport ena ali ku yunivesite ya Keele, ndipo a kampani ya ku Netherlands ya Middelburgsche Commercie Compagnie, yokhazikitsidwa mu 1720, ali ku nyumba yosungira zikalata ya Zeeuws Archief mumzinda wa Middelburg.